ZA MAI RESHMA SAUJANI NDI ASUNGWANA OOPA KULAKWA

 Pa tsiku la cikondwerero cotere nkoyenera kukumbukira anthu amene anatsegulira ana khomo la maphunziro, kuti ife tione m'mene anacitira ndi kutolapo nzeru. Tsono ine ndasankha kunena za mai wina wa ku Amerika, dzina lao Reshma Saujani, amene anaona kuti asungwana a dziko lao alikutsalira pa maphunziro a kompyuta, nafunafuna cifukwa cace, nayesa kukonza. Nkhani yao iri ya kutali ndithu, koma cimene anacipeza m'mitima ya asungwana cidziwika kwa mphunzitsi ali yense amene anaimapo pamaso pa ana.

Makolo a Mai Saujani anali Amwenye okhala m'dziko la Uganda, ndipo onse awiri anaphunzira nchito ya uinjiniya. M'mwezi wa August 1972, Idi Amin, wolamulira Uganda masiku amenewo, analamula kuti Amwenye acoke m'dzikomo asanathe masiku 90. Anthu zikwi zambiri anasiya nyumba zao ndi masitolo ao, nabalalika, ena ku Britain, ena ku Canada, ena ku India. Makolo a maiwa analandiridwa ku Amerika monga othawa kwao, nakhala pafupi ndi mzinda wa Chicago, m'dera la Illinois. Kumeneko maphunziro ao sanawerengedwa kanthu poyamba. Atate anagwira nchito ya pa makina m'fakitale, ndi amai anagulitsa zodzola. Mwana wao Reshma anabadwa m'caka ca 1975, nakulira pakati pa anthu osazolowera khungu lace kapena dzina lace. Ndipo tsiku lina, akali wamng'ono, ana anzace a sukulu anampanda cifukwa ca mtundu wace. Iye sanathawa sukulu iai, koma anasonkhanitsa ophunzira ena nayamba kagulu kotsutsa tsankho.

Atakula anatsiriza maphunziro ao pa yunivesite ya Illinois m'caka ca 1997, napita ku Harvard kukaphunzira za kayendetsedwe ka boma, natsiriza mu 1999. Mtima wao unali pa sukulu ya malamulo ya ku Yale, imene inawakana kangapo isanawalandire. Koma anaumirirabe kufikira analowa, natsiriza mu 2002. Pambuyo pace anagwira nchito ya uloya ndi ya za cuma mumzinda wa New York, ndipo analikulandira ndalama zabwino, monga makolo ao analakalaka.

M'caka ca 2010 anasiya zonsezo, nafuna mpando m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse la Amerika, dzina lace Congress. Iwo ndiwo anali mkazi woyamba wa mtundu wa Amwenye kufuna mpando wotere. Anapikisana ndi Mai Carolyn Maloney, amene anakhala m'nyumbamo ciyambire 1993, ndipo anagonja koopsa, pakuti pa mavoti 100 ali onse iwo anapata 19 okha. Kugonja kumeneku kunali kwa poyera, pamaso pa abale, abwenzi ndi onse amene anaperekapo ndalama zao. Musaiwale cimeneci, pakuti ticipezanso kutsogoloku.

Pa miyezi imene analikuyenda kupempha mavoti, analowa m'masukulu ambiri a mu New York. Ndipo m'zipinda zophunzirira kompyuta anaona cinthu cimodzimodzi ponse ponse: anyamata odzaza mipando, asungwana mmodzi kapena awiri, penanso popanda ndi mmodzi yemwe. Cisankho citapita, funso ili silinawacoka m'mtima, lakuti, Asungwana ali kuti?

Ndisanapitirire, ndiyenera kufotokoza nchito imene ndirikunena, pakuti ambiri a ife tigwira foni ya m'manja tsiku ndi tsiku, titumiza ndalama ndi mauthenga, koma osadziwa cimene cicitika m'kati mwace. Kompyuta iri ngati wanchito wacangu kopambana, womvera kopambana, koma wopanda nzeru za iye yekha. Mukatuma mwana kuti akatunge madzi, adziwa yekha kutenga ndowa, kutsata njira ya kucitsime ndi kubwera nao. Kompyuta sitero. Muyenera kuiuza kanthu kali konse m'dongosolo lace: nyamuka, tenga ndowa, yenda mapazi akuti, ukapeza madzi tunga, ukapanda kuwapeza bwerera, ubwereze cotero kufikira mtsuko utadzala. Malangizo amenewa alembedwa m'zinenero zopangidwira makina, monga Python ndi JavaScript. Ndipo wolemba akaiwala kadontho kamodzi kokha, makina aima, kapena acita cina cimene iye sanafuna. Cifukwa cace palibe munthu, ngakhale katswiri, amene alemba malangizo aatali nakhoza ulendo woyamba. Alemba, ayesa, aona polakwa, akonza, nayesanso; ndipo nthawi yambiri ya nchitoyi ithera pa kufunafuna zolakwa za iwe mwini.

Kodi nchito imeneyi inali ya amuna ciyambire? Iai ndithu. M'caka ca 1843, Ada Lovelace wa ku England anasindikiza malangizo oyendetsera makina owerengera amene Charles Babbage analingalira kupanga, ndipo ambiri amuyesa iyeyo woyamba pa nchitoyi. M'caka ca 1945, pa yunivesite ya Pennsylvania, panamangidwa kompyuta yaikulu yodzaza cipinda, dzina lace ENIAC. Ndipo amene anaphunzira kuipatsa malangizo anali akazi 6, ngakhale kuti tsiku loionetsa kwa anthu, mu February 1946, maina ao sanamveka. Grace Hopper, msilikali wa pamadzi ndi katswiri wa masamu, anatsogolera nchito yakuti makina amve malangizo olembedwa ndi mau ofanana ndi a anthu, ndipo cinenero ca COBOL, ca 1959, cinamera pa nchito yace. Mu 1962, John Glenn asanakwere combo cozungulira dziko lapansi, anapempha kuti Katherine Johnson, mai wakuda, ayambe wawerengera ndi dzanja masamu amene kompyuta inapereka. Ndipo pamene anthu anatera pa mwezi mu 1969, gulu limene linalemba malangizo a m'combo linatsogoleredwa ndi Margaret Hamilton.

Ndipo kufikira caka ca 1984 ciwerengero ca akazi cinalikukwera, kotero kuti caka cimeneco, pa anthu 100 ali onse olandira digiri ya kompyuta ku Amerika, 37 anali akazi. Pomwepo cinayamba kutsika, cinkana pa udokotala ndi pa uloya akazi analikucurukabe; ndipo pofika zaka zoyandikira 2012 cinatsala pa 18. Taonani, atate ndi amai, nzeru za asungwana sizinacepa m'zaka zimenezo. Cinasintha ndi ici: makompyuta aang'ono anayamba kugulidwa m'nyumba za anthu, ndipo ogulitsa anawalengeza monga zoseweretsa za anyamata. Jane Margolis ndi Allan Fisher, pofunsa ophunzira a pa yunivesite ya Carnegie Mellon m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti makolo anakonda kupatsa kompyuta mwana wamwamuna, ngakhale pamene wamkazi anaifunanso. Tsono pofika ku yunivesite, mnyamata anali atasewera ndi makinawo zaka zambiri, ndi msungwana analikuyamba kumene. Ndipo msungwanayo poona anzace alikuthamanga, anayesa kuti mutu wace ndiwo wobvuta, nacoka. Yunivesite imeneyo itasintha masankhidwe a ophunzira ndi maphunzitsidwe a oyamba kumene, akazi olowa maphunziro a kompyuta anakwera kucokera pa 7 mwa 100 mu 1995 kufika pa 42 mu 2000. Pamenepo padziwika kuti cobvuta cinali pa khomo lolowera.

Mai Saujani sanadziwa kulemba malangizo a kompyuta, pakuti maphunziro ao anali a malamulo ndi a boma. Munthu wina akadati, Iyi si nchito yanga, aicite odziwa. Koma iwo anadziwa kusonkhanitsa anthu, kupempha thandizo ndi kugogoda pa makomo, zimene anaphunzira pa cisankho cija anagonjaci. M'caka ca 2012 anayamba bungwe losafuna phindu, nalipatsa dzina lakuti Girls Who Code, ndiko kunena asungwana olemba malangizo a kompyuta. Anabwereka cipinda ca misonkhano ku kampani ya AppNexus mu New York, napeza aphunzitsi odziwa nchitoyo, nasonkhanitsa asungwana 20, ambiri a iwo ocokera m'mabanja osauka ndi a alendo m'dzikomo. Ndipo anawaphunzitsa masabata angapo a nyengo yopumula sukulu, tsiku lonse, osalipira kanthu. Ciyambi cace cinali comweco, asungwana 20 m'cipinda cobwereka.

Tsopano ndafika pa mtima wa nkhani yanga. Aphunzitsi a bungwelo anayamba kusimba cinthu cimodzi cimene cinacitika kawiri kawiri m'sabata loyamba, ndipo Mai Saujani anacifotokoza poyera mu 2016, pa msonkhano wa TED. Msungwana aitana mphunzitsi, nanena kuti sadziwa colemba. Mphunzitsi ayang'ana pa galasi la kompyuta, napeza poyera, popanda ndi liu limodzi lomwe. Ndipo akadapanda kudziwa, akadayesa kuti mwanayo wangokhala cabe nthawi yonseyo. Koma pa kompyuta pali batani lobwezera zimene zafafanizidwa. Mphunzitsi akalitobwanya kangapo, taonani, malangizo aoneka mzere ndi mzere. Mwanayo analemba, nayesa, nafika pafupi ndithu, koma poona kuti sizinakhoze kweni kweni anafafaniza zonse. Kunamkomera kuoneka ngati sanayese konse, koposa kuonetsa nchito yokhala ndi colakwa.

Anasimbanso za mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Columbia, amene anaona kusiyana pa madandaulo a ophunzira ace. Anyamata akabvutika, afika nanena kuti m'malangizo ao muli cobvuta. Asungwana akabvutika, afika nanena kuti cobvuta ciri mwa iwo eni. Wina aloza pa nchito, imene ikhoza kukonzedwa. Wina adziloza yekha, nadziweruza.

Tsono Mai Saujani anafunsa kuti mantha amenewa acokera kuti, ndipo yankho lao linali lakuti acokera ku maleredwe. Mnyamata akakwera mumtengo nagwa, akulu aseka namuuza akwerenso. Msungwana auzidwa kukhala bwino, kusadetsa cobvala, kukondweretsa anthu ndi kupata mamalikesi onse. Ndipo atamandidwa pamene sanalakwe kanthu. Mwana woleredwa cotero aphunzira kusankha zokhazo zimene adziwa kuti adzakhoza, ndi kulambalala zonse zokaikitsa. Koma nchito ya kompyuta, ndi ya sayansi yonse, iyenda ndi kuyesa ndi kulakwa; tsono woopa kulakwa aithawa asanailawe. Iwo eni ananena kuti cisankho ca 2010 ndico cinthu coyamba pa moyo wao cimene anacita osadziwa ngati adzakhoza. Ndipo atagonja anaona kuti akali ndi moyo, ndi kuti mantha aja acepa. Anapikisananso mu 2013, kufuna udindo wina mumzinda wa New York, nagonjanso, napitirizabe nchito ya asungwana. Za zimenezi analemba buku mu 2019, dzina lace Brave, Not Perfect.

Cifukwa cace maphunziro a bungwelo anakonzedwa kuti alimbane ndi mantha amenewo. Asungwana aphunzira pamodzi okha okha, kuti wofunsa asacite manyazi, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Agwira nchito awiri awiri kapena m'timagulu, naonetsana zolakwa zao, kotero kuti ali yense aona kuti mnzace alakwanso. Sapatsidwa masamu ouma okha, koma asankha bvuto la kwao limene liwawawa mtima, napanga cinthu colithetsa. Ndipo Mai Saujani anasimba za msungwana wa zaka 16, amene atate wace anadwala khansa, ndipo iye analemba malangizo othandiza kuzindikira ngati cotupa ciri coopsa kapena ai. Anatengedwanso kukaona akazi ogwira nchito m'makampani akulu monga Google ndi Microsoft, pakuti nkobvuta kuti mwana alakalake nchito imene sanaonepo munthu wonga iye alikuigwira.

Maphunziro a nyengo yopumula sukulu anafuna ndalama zambiri, ndipo sakadafikira ana onse. Tsono bungwelo linayamba timagulu taulere tokomana sukulu itaweruka, m'masukulu, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi m'nyumba zina za m'mudzi. Otsogolera timaguluto ambiri sanali akatswiri iai; anali aphunzitsi wamba, osunga mabuku ndi makolo odzipereka, amene analandira maphunziro okonzeratu, naphunzira pamodzi ndi ana. Mwa njira imeneyi nchito inafalikira m'madera onse 50 a Amerika, niolokera ku Canada, ku Britain ndi ku India. Ndipo pofika caka ca 2021 bungwelo linawerengera kuti laphunzitsa asungwana oposa 300,000. Ndipo sanali okha pa nchitoyi, pakuti mu 2011 Mai Kimberly Bryant, injiniya wa za magetsi, anayamba bungwe la Black Girls Code ku San Francisco, cifukwa ca asungwana akuda. Mutu umodzi susenza denga.

M'caka ca 2021 Mai Saujani anacita cinthu cimene oyambitsa nchito ambiri cibwera cowalaka: anatula utsogoleri akali ndi mphamvu, naupereka kwa Dr Tarika Barrett, mai wakuda amene anayamba monga mphunzitsi, nagwira nchito m'bungwelo zaka zingapo. Iwo eni anatembenukira ku bvuto lina limene mliri wa COVID-19 unaonetsa poyera, ndilo la amai ambiri amene anasiya nchito cifukwa cosowa wowasungira ana; pakuti anaona kuti nkopanda pace kuphunzitsa msungwana zaka zambiri, ngati adzataya nchitoyo tsiku limene adzabala mwana.

Koma ndisakunyengeni kuti zonse zinakonzeka. M'zaka zoyandikira 2020, akazi olandira digiri ya kompyuta ku Amerika anapitirira pang'ono 20 mwa 100, ndipo ciwerengero ca 1984 cinali cikali kutali. Alipo amene afunsa ngati timagulu ta asungwana tikwanira, pamene ena mwa akazi olowa nchitoyi aisiya cifukwa ca cipongwe ndi kupeputsidwa m'makampani. Funso limeneli liri loona. Bungwe limodzi silikhoza kuongola m'zaka 10 cimene cinapindika m'zaka 30. Cimene linakhoza ndico kuonetsa pamene pali bala, ndi kutsimikiza kuti msungwana akapatsidwa malo oyesera wopanda womseka, aphunzira monga mnyamata ali yense.

Tsono titengepo ciani ife? Ndiyamba ndi inu aphunzitsi. Msungwana akakupatsani pepala loyera pa phunziro la masamu, musafulumire kunena kuti ndi waulesi kapena wopanda mutu. Pepala liribe batani lobwezera, koma mukhoza kuyang'ana pofufutidwa, ndi kumfunsa mofatsa kuti, Unayamba bwanji? Kawiri kawiri mudzapeza kuti anatsala pang'ono kufika. Ndipo mwana akayankha molakwa, musalole kuti anzace amseke, kapena kuti cikoti cikhale mphotho ya kuyesa. Koma lembani yankho lacelo pa bolodi, ndi kufunafuna pamodzi pamene linapatukira. Muwerengenso mwa inu nokha kuti pa ora limodzi mwaloza anyamata angati ndi asungwana angati, pakuti amene atukula manja msanga sindiwo okha amene adziwa. Kumbukirani kuti otsogolera timagulu tija sanali akatswiri. Cimene anali naco ndi kuleza mtima.

Ndi inu atate ndi amai, m'mera mpoyamba. Pa khomo pakafika cinthu catsopano, kaya ndi foni, kaya ndi wailesi, kaya ndi nyali ya dzuwa, kodi amene aloledwa kucigwira ndi kucitsegula ndani? Njinga ikaonongeka, kodi amene aitanidwa kudzagwira sipanala ndani? Ndipo madzulo, pamene mnyamata ali ndi buku m'manja, mlongo wace ali kuti? Ku Amerika kusiyana kunayamba pa funso laling'ono lakuti kompyuta iikidwe m'cipinda ca yani, ndipo patapita zaka kunaoneka pa madigiri ndi pa malipiro. Mwana wanu wamkazi mumtamande pamene wayesa cinthu cobvuta, ngakhale sanakhoze, monga mumtamanda pamene wasesa bwino pabwalo.

Ndi inu asungwana, imvani ici. Mukalakwa samu, colakwa ciri m'samuyo, pa mzere wina wace, ndipo cikhoza kupezeka ndi kukonzedwa. Musafafanize nchito yanu mphunzitsi asanaione. Mupite nayo monga iri, ndi kunena, Ndafika apa, ndipo apa pandikanika. Akazi 6 a ENIAC aja sanapatsidwa buku lowauza mocitira. Anaphunzira makinawo poyang'ana zojambula za mawaya ace, ndi kuyesa, ndi kulakwa, kufikira anayenda.

Akulu ndi abale, mau anga athera pamenepa.  Ndipo ndipempha kuti sukulu zikatsegulidwa, mphunzitsi ali yense afune msungwana mmodzi wokhala cete m'kalasi mwace, ndi kuona cimene analemba asanafufute.